Njira yotsika m'phiri mpaka ku Shire: tiikonze bwanji kuti aliyense azidutsa?

Wa ku Masenjere

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku East Bank kuli njira ya miyendo yochokera m'midzi ya m'mapiri a Thyolo. Imadula msewu wa Thabwa wopita ku Fatima n'kutsikira kumadimba a m'mbali mwa Shire. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mbali ya kuphiri inasanduka chigwembe. Komiti ya m'mudzi ikufuna kuikonza pamanja mvula isanayambe, kuti agogo, amayi oyembekezera ndi anzathu oyenda pa njinga za aulumali azidutsa. Tiseme masitepe kapena tiikhotetse? Nanga kumunsi kwa makande tithireko chiyani?

Mmisiri wa misewu, Nchalo

Achimwene, khasu lidikire, yambani mwayeza kutsetsereka kwa malowo. Pezani chingwe cha mamita 6, zikhomo ziwiri ndi kalevulo kopachika pachingwe, komwe alangizi amayezera akalozera m'minda. Mangani chingwe patsinde pa chikhomo cha kumtunda, chikokeni mpaka kalevulo kakhale pakati, kenako yezani kuchokera pachingwe kufika pansi pa chikhomo cha kumunsi. Mukapeza masentimita 30 kapena kucheperapo, wa njinga akwera yekha. Masentimita 50 ndiwo malire, ndipo pamenepo muike popumulira pathyathyathya potalika mita ndi theka pa mamita 9 aliwonse. Kupitirira apo njinga imabwerera chambuyo, ndipo potsika mabuleki sagwira.

Pomwe papitirira malire, khotetsani njira izikwera chopingasa phiri. M'lifupi ikhale mita ndi theka, koma pokhota pakhale mamita 2 komanso posatsetsereka, chifukwa njinga ya mateyala atatu yopalasa ndi manja ndi yaitali, sikhota pafupi.

Komatu chimene chinapha njira yanuyo ndi madzi. Njira yolunjika kumunsi imasanduka mtsinje mvula ikangogwa. Ndiye isemeni yopendekera pang'ono kunja kwa phiri, masentimita 3 pa m'lifupi monsemo, kuti madzi aziwoloka njira m'malo moyenda nayo. Mukapendeketsa kwambiri njinga izikokera kuphompho. Kumbali ya phiri kumbani kangalande, ndipo pa mamita 15 mpaka 20 aliwonse katulutseni podutsitsa madzi poyala miyala yaphwatalala, polowa pansi pang'ono chabe kuti teyala lidutse. Potulukira madziwo muunjike miyala, apo ayi chigwembe chatsopano chiyambira pomwepo. Kumphepete kwa kunja dzalani vetiva motalikana masentimita 10 mpaka 15 mvula ikakhazikika.

Mayi wa ku Muona

Bambo a ku Nchalo afotokoza bwino, koma pali china choti komiti isachizembe. Njira yokhotakhota imatalika kwambiri: kuti mutsike mamita 10 okha pa malire anenedwawo mufunika mamita 120, osawerengera popumulira. Malo amenewo ndi minda ya anthu. Khalani pansi ndi amfumu ndi eni minda musanakhome chikhomo n'chimodzi chomwe. Ndiponso achinyamata ndi osenza nthochi sangalole kuzungulira, adzadula chidule, ndipo chidulecho ndicho chidzakokolole zonse. Bola muwapatsiretu masitepe awoawo pachidulepo.

Sitepe isatalike kuposa masentimita 15 mpaka 17, popondapo pakhale masentimita 30 kapena kuposa, ndipo onse akhale ofanana. Agogo amagwa pa sitepe imodzi yosiyana ndi zinzake, chifukwa phazi limakhala lazolowera kale muyeso. Kutsogolo kwa sitepe ikani mwala waukulu wokwiriridwa theka m'dothi. Mitengo wamba kuno chiswe sichichedwa nayo. Chogwirira chikhale masentimita 90 kuchokera pansi. Nsungwi ndi yotchipa koma muziisintha chaka ndi chaka, popeza chogwirira chofumbwa n'choopsa kuposa popanda chogwirira: munthu amachitsamira ndi thupi lonse.

Kunena mosabisa, pali malo ena m'mapiri amenewa pomwe njinga singakwere ngakhale mutatani. Yambani ndi chigawo chochokera pamsewu kupita kumadimba, pachigayo ndi pamjigo, pomwe wa njinga amafunika kufika tsiku ndi tsiku.

Mlimi wa ku Makhanga

Ine ndiyankhe za kumunsi. Makande m'chilimwe amang'ambika ming'alu yolowa teyala la njinga, mvula ikagwa amamata mpaka teyala kuleka kuzungulira. Musathirepo mchenga wa mumtsinje, teyala limatitimira. Kwezani kaye njira masentimita 30 ndi dothi lokumba m'mbali, muliwaze madzi ndi kulisinja m'magawo awiri kapena atatu, kenako pamwamba girevulo wosakanikira ndi dothi lofiira wa m'tsinde mwa phiri, wokhuthala masentimita 10. Pa mamita 100 a njira ya mita ndi theka mufunika mawilibala pafupifupi 250, ndipo muonjezereko chifukwa posinja amatsika. Miyala yoposa dzira la nkhuku ichotseni. Pomwe madzi osefukira amadutsa chaka chilichonse musakweze ayi, mudzawatsekera m'minda ya anzanu. Yalani miyala pansi madziwo azidutsa pamwamba.

Njira isatsate gombe lenilenilo. Shire amadya gombe chapansi, pamwamba n'kumaoneka bwinobwino mpaka tsiku logumuka. Komanso m'mabango ndi mobisala ng'ona, ndipo munthu wa ndodo kapena wa njinga sangathawe. Njirayo muidutsitse pamtunda, n'kutulutsa tinjira tolunjika kudooko, potchetcha bwino poonekera patali. Mukaona kanjira kotakata ka mapazi a mvuu, musaikepo benchi: imatuluka madzulo n'kubwerera mbandakucha podzera pomwepo.

Ng'ombe ndi ngolo zikalowa m'njirayi nthawi ya mvula, ntchito yonse yapita. Polowera zikani mizati yotalikana mita imodzi, njinga idutse koma ngolo ikanike, ndipo abusa a ziweto muwasiyire njira yawo.

Za mthunzi musaziyese zazing'ono. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndiye pa mamita 100 aliwonse pakhale pokhala pansi pa mtengo. Dzalani nimu, mamita 2 kuchoka panjira kuti mizu isatukule girevulo. Masau ndi mthethe zikhale kutali, minga yake imaboola machubu, ndipo wa njinga akaphulitsa teyala kudimba alibe pogwira mpaka wina adutse.