Thandizeni abale, flux ya pa mzere wowongoka yandiimitsa mutu

Membala wobisa dzina: Abale ndithandizeni. Ndili chaka chachiwiri cha uinjiniya ndipo assignment ya calculus ikufunika Lachisanu 8 koloko m'mawa. Atiuza tipeze flux yodutsa mzere wowongoka wochokera pa (1, 0) kukafika pa (3, 4). Ine ndapeza 4, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi wapeza −4, wina wa m'kalasi mwathu wapeza 12 ndipo akuchita kulumbira kuti yake ndiye yokhoza. Tsiku lomwe ankaphunzitsa zimenezi minibasi ya ku Ndirande inachedwa kudzaza, ndinakapeza akufufuta pa bolodi. Nditapita ku ofesi anangoti kawerengeni notsi. Notsizo zili mu foni, foni galasi linasweka, magetsi kwathu anazima dzulo, alandilodi nawo m'mawa uliwonse ali pakhomo. Chaka chatha ndinalemba sapu, mayeso obwereza, ya masamu, ndipo amalume amene amandilipirira fizi ananeneratu kuti ikabwera ina ndizikawathandiza kugulitsa mu shopu ku Limbe. Tulo sindikutiona. Yankho lenileni ndi liti?

Mkulu wa Masamu: GREEN'S THEOREM BASI! Ana a masiku ano mumafuna zophikaphika. George Green anatulutsa zimenezi mu 1828 ku Nottingham, munthu wogwira ntchito pa chigayo cha bambo ake, wopanda foni, wopanda intaneti. Inu muli ndi zonse koma mukulira za magetsi.

Wa chaka chachinayi: Akulu, Green's theorem imafuna njira yotsekeka, yobwerera pomwe yayambira. Uwu ndi mzere umodzi. Komanso mphwanga, F ili kuti? Watiuza za alandilodi koma F, vector field yoonetsa mbali ndi mphamvu ya kayendedwe pa malo alionse, sunalembe.

Mayi wa ku Bangwe: Mwanawe usataye mtima. Wanga woyamba anawidedwa, kuchotsedwa ku koleji, chifukwa cha masamu omwewa, anakhala mwezi wathunthu osatuluka m'nyumba, kudya kwake kochita kumukakamiza. Uwauze amalumewo zoona zisanafike poipa. Ndikuikiza m'mapemphero.

Mkulu wa Masamu: Iwe wa chaka chachinayi, ine masamu awa ndinakhoza iwe usanabadwe. Mzere ukapanda kutsekeka UMAUTSEKA WEKHA.

Mnyamata wa ku Chirimba: Lembani 4, −4 ndi 12 zonse pamodzi, aphunzitsi akasankhe okha kkkk. Koma za alandilodizo, ku Chirimba nyumba zilipo zotchipa.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni: Mwana wanga, F sunaitchule, koma manambala atatuwo akugwirizana ndi F = (x, y), ndiye nditengera imeneyo. Ganizira ukonde woutchera mu mtsinje wa Mudi. Flux ndi madzi amene akudutsa mu ukondewo kuchoka mbali ina kupita ina. Madzi oyenda motsata ukonde sawerengedwa. Lemba mzere wako motere: x = 1 + 2t, y = 4t, t kuyambira 0 mpaka 1. Ndiye dx = 2 dt, dy = 4 dt. Ngati F = (M, N), flux ndi integral ya M dy − N dx. Lowetsa: (1 + 2t) kuchulukitsa ndi 4, kuchotsapo 4t kuchulukitsa ndi 2. Ma 8t awiriwo adyana, patsala 4 dt, ndipo integral yake ndi 4. Mnzako wa 12 uja wawerengera M dx + N dy. Imeneyo ndi work, yoyenda motsata mzere, ndi funso lina.

Wa chaka chachinayi: Zoona bambo. Ndiwonjezere pomwe ine ndinagwa pa mayeso. Ndinatenga normal, muvi woloza mopingasa mzerewo, (4, −2) osaigawa ndi kutalika kwake, √20, kenako ndinachulukitsanso ndi kachidutswa ka kutalika kwa mzere, ds = √20 dt. Mukapanga zimenezo pa funso ili mupeza pafupifupi 17.9. Mukagawa bwinobwino ma √20 aja amathana, n'chifukwa chake M dy − N dx ndi yachidule.

Mkulu wa Masamu: Mwamaliza? Onani tsopano. Tsekani ndi (0, 0) mupange triangle: (0, 0), (1, 0), (3, 4). F = (x, y) imaloza kuchoka pa (0, 0), ndiye m'mbali ziwiri zochokera pamenepo palibe chodutsa, flux ndi 0. Divergence, muyeso wa zotuluka pa malo alionse, ndi 2. Area ya triangle ndi 2. Mwa Green's theorem, flux pano ndi divergence kuchulukitsa ndi area: 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. MIZERE ITATU BASI. Uja amati Green sagwira pano ali kuti?

Wa chaka chachinayi: Ndili pompano akulu. Yagwira chifukwa F iyi ndi yofewa. Ikakhala ina, mbali ziwiri mwawonjezerazo muziwerengeranso pazokha, ntchito yachuluka katatu. Komanso F imeneyi tangoiganizira, mwini wake sanatsimikize.

Mayi wa ku Bangwe: Inu abambo, mwana akuvutika inu mukulimbana za mpikisano. Zilembo zikuluzikuluzo n'zachiyani?

Mkulu wa Masamu: Mayi, kuno si ku tchalitchi. Masamu safuna kunyengererana.

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni: Tisaiwale za 4 ndi −4, poti pamenepo ndiye pagona malikisi. M dy − N dx imawerengera zodutsa kupita kudzanja lako lamanja pamene ukuyenda kuchoka pa (1, 0) kupita pa (3, 4), kumene (4, −2) ikuloza. Ngati funso likuti kuchoka kumanzere kupita kumanja, 4 ndi yokhoza. Ngati likuti normal iloze m'mwamba, ndiye kuti ndi (−4, 2), ndipo wakhoza ndi mnzako wa −4 uja. Tijambulire funso lonse, makamaka chiganizo chonena za mbali.

Membala wobisa dzina: Zikomo kwambiri bambo, F ndi yomweyo (x, y). Za mbalizo ndikukumbukira kuti panali mawu ena kumapeto, koma sindinawakopere. Pepala lili ndi mnzanga uja ndipo wapita ku Zingwangwa kwa achemwali ake, foni sakuyankha. Yanganso yatsala 3%, ndikuthamangira kotchajitsa pa msika. Mayi a ku Bangwe, amalumewo mukuona ngati ndiwauze lero kapena ndidikire zotsatira?

Mkulu wa Masamu: UKABWERA UYAMBE WAJAMBULA TRIANGLE IJA.