Chidole chopopa cha Khirisimasi pakhomo: malamulo a m'makompuleksi a ku Joni amati chiyani?

Abale amene mumakhala m'makompuleksi oyendetsedwa ndi body corporate (bungwe la eninyumba onse a m'kompuleksi), tithandizeni nzeru.

Nkhani ndi ya Father Christmas wopopa, wa mamita 2.4, woti aime pakapinga wa kutsogolo kwa nyumba. Lamulo 5 la conduct rules (malamulo a kakhalidwe ka m'kompuleksi), pansi pa Sectional Titles Schemes Management Act ya 2011, limaletsa kusintha maonekedwe akunja popanda chilolezo cholembedwa cha ma trustee (komiti yoyendetsa kompuleksi), pokhapokha kusinthako kuli kwakung'ono. Nanga chidole chongokhala milungu itatu chimawerengedwa ngati kusintha? Kapinga amene si wa nyumbayo yokha ndi nkhani inanso.

Kafani kake kamayenera kuzungulira nthawi yonse. Kukazimitsa 10 koloko usiku chifukwa cha phokoso, chidole chimaphwa n'kugona pansi ngati thumba. Anthu ena amadana nacho kwambiri chikatero. Mvula ya mabingu ya Disembala imafunanso pulagi ya panja ya IP44 (yotetezedwa ku madzi othovokera), zikhomo ndi zingwe zinayi, apo ayi chiulukira kwa aneba.

Kwanu amaloleza kuyambira tsiku liti, kuchotsa liti? Wochita lendi amapempha yekha kapena kudzera kwa eninyumba? Alipo amene anakanizidwa n'kukadandaula ku CSOS (Community Schemes Ombud Service, ofesi yoweruza mikangano ya m'makompuleksi)?