Thandizeni abale, achimwene anga angalembetse bwanji ndalama za olumala?

Membala wobisa dzina: Ndabisa dzina chifukwa alamu anga ali m'gulu lomwe lino. Ndili ku Ulónguè kuno ku Angónia, m'Mozambique. Achimwene anga anafa ziwalo mbali ya kumanja mwezi wa Agosto chaka chatha, mwendo amachita kukoka, dzanja silitha kugwira ngakhale chikho. Akazi awo atangoona choncho ananyamula ana awiri ndi makina osokera n'kuwolokera kwawo ku Dedza, makina amene ndinagula ine ndi ndalama za mbatata. Odwalawo ndikusunga ndine, chonsecho ndili ndi ana anayi ndipo bambo wa anawo amangooneka nthawi yokolola. Achemwali athu aakulu ali mumzinda wa Tete, ukawaimbira amangoti tikukupemphererani. Pafupi ndi ife pali agogo ena amalandira ndalama za boma koma kudimba amapita tsiku lililonse. Ine sindikuchita nsanje ayi. Ndingofuna kudziwa, ndiyambire pati kuti achimwene azilandirako?

Mdala wa ku Joni: ACHEMWALI MUSAVUTIKE. Ndalama zimenezo ndi 540 meticais pa mwezi. Chapa (minibasi) yopita ndi kubwerera, mwamwa fanta panjira, zatha. Ine ndinakhala ku Johannesburg zaka 11, chala ichi chinadukira kumeneko, sindinapemphe munthu. Limani mbatata, Angónia nthaka yake ndi golide.

Mayi wa ku Furancungo: Bambo inu, 540 kwa inu ndi fanta, kwa ena ndi sopo, mchere ndi chigayo. Achemwali, mayi anga amalandira. Ndi za INAS, bungwe la boma lothandiza osauka, pulogalamu yake ndi PSSB, Subsídio Social Básico. Ya okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa amene ali pa umphawi. Simuyambira ku ofesi ayi. M'bairro mwanu muli munthu amene amamutcha permanente, ndi amene amalemba mayina n'kupititsa. Ngati simukumudziwa funsani a secretário a bairro kapena amfumu. Kenako amabwera kudzaona pakhomo.

Mphunzitsi wopuma, Tsangano: Funso limodzi mwana wanga. Asanadwale achimwene akowo ankagwira ntchito yanji? Yolembedwa pa contrato kapena ankalima?

Wa txopela, Moatize: Kkkkk ine ndangomva za makina osokera. Anali a mapazi kapena a magetsi?

Mdala wa ku Joni: Akazi a masiku ano ndi choncho. Wanga woyamba anapita ndi wailesi ndi mbuzi zitatu ndili ku mgodi. MBUZI ZITATU. Ndiye mukuti boma lidzakubwezerani zimenezo?

Mlongo mwa Ambuye: Matenda ongogwa mwadzidzidziwa si onse ali a chipatala. Bwerani nawo ku mapemphero Lachisanu, wina anabwera pa wilibala anabwerera akuyenda yekha.

Namwino wa ku Dómuè: Mayi, kufa ziwalo mbali imodzi nthawi zambiri ndi sitiroko, ndipo gwero lake kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi. Pempherani, koma mankhwala asasiye, ikabwereza ikhoza kupha. Achemwali ofunsa, pitani nawo kuchipatala awayeze, mupemphe pepala la dokotala lonena za ulumali wawo, popanda limenelo mudzangoyenda ulendo wa chabe. Mufunsenso za fisioterapia, mafizo olimbitsa ziwalo. Za ndodo kapena njinga ya olumala mukafunse ku Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, boma lililonse ili ndi ofesi imeneyi.

Mlongo mwa Ambuye: Inu a chipatala mumadziona ngati ndinu Mulungu.

Mnyamata wa ku Dedza: Pitani kwa a komiti ya Mtukula Pakhomo akulembeni, azakhali anga amalandira.

Wa txopela, Moatize: Achimwene mwasochera, Mtukula Pakhomo ndi wa ku Malawi. Kuno mukadutsa malire pa Calómuè ndi meticais. Koma poti muli ku Dedza komweko, tationereniko makina aja kkkk.

Mdala wa ku Joni: Ku South Africa olumala amalandira ndalama zoti munthu n'kugula nazo thumba la ufa, nyama, zotsala n'kutumiza kumudzi. Kuno 540. Ndanena ndanenanso, LIMANI.

Mayi wa ku Furancungo: Bambo, si 540 kwa aliyense. Zimene anakhazikitsa mu 2018 ndi 540 ngati uli wekha pakhomo, zimakwera malinga ndi anthu, mpaka 1000 pa banja la anthu asanu kapena kuposa. Ndipo odwalawo alima ndi dzanja liti? Achemwali, konzeranitu BI (chitupa cha unzika) ya achimwene anu, ngati palibe ndiye cédula (kalata ya kubadwa). Wina akakuuzani kuti tumizani kangachepe pa M-Pesa kuti dzina lituluke msanga, ameneyo ndi wakuba. Msuweni wanga anatumiza 300 kwa munthu wa pa foni, mpaka lero nambala ija siilowa. Kulembetsa n'kwaulere.

Mphunzitsi wopuma, Tsangano: Ndikubwerezanso funso langa lija. Ankagwira ntchito yanji?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. A Mdala, ine kulima ndimalima, chaka chino feteleza ndinagula ndekha matumba awiri, achemwali a ku Tete aja sanaponyepo ngakhale 50. Makinawo ndi a mapazi. Chimene chimandiwawa n'chakuti achimwene zaka zinayi zonse ali pa kampani ina ku Moatize, yokonza magalimoto a ku mgodi wa malasha, ndalama zonse ankatumiza kwa mkazi yemweyo. Lero ali kuti?

Mdala wa ku Joni: Mwaona? NDINANENA INE. Ndalama osapatsa mkazi.

Mphunzitsi wopuma, Tsangano: Taimani kaye a Mdala. Mwana wanga, mawu ofunika wawabisa pakati pa madandaulo. Zaka zinayi pa kampani! Ngati ankadulidwa INSS pa malipiro, khomo lako loyamba ndi limenelo, osati INAS. Mayinawa amafanana koma ndi maofesi awiri osiyana. INAS imathandiza osauka, INSS imabweza kwa amene ankasonkha: wantchito amadulidwa 3 pa 100 iliyonse, patrão (bwana wolemba ntchito) amaonjezera 4. Kuli penshoni ya invalidez ya munthu amene walumala asanafike zaka zopumira pa ntchito. Amafuna kuti akhale atasonkha miyezi 30 m'zaka zisanu zomaliza asanadwale, ndipo Junta de Saúde, gulu la madokotala a boma, itsimikize kuti sangagwirenso ntchito. Ndalama yake amawerengera malipiro amene ankalandira. Funa khadi lawo la INSS kapena kapepala kalikonse ka malipiro, upite nako ku ofesi ya INSS akaone ngati kampaniyo inkaperekadi zimene inkadulazo. Anasiya liti ntchitoyo?

Wa txopela, Moatize: Aphunzitsi afunsa kachitatu tsopano, achemwali yankhani musanakwapulidwe kkkk.

Membala wobisa dzina: Aphunzitsi, mapepala awo onse anali m'chikwama chakuda, ndipo chikwamacho chinapita ku Dedza pamodzi ndi makina.

Mayi wa ana awiri: Alamu, ndakudziwani kuyambira mzere woyamba. Chikwama chili pamwamba pa kabati kwanu komweko, kuseri kwa dengu la nyemba. Makinawo munandipatsa nokha pa chinkhoswe, anthu onse akuona.