Nyimbo zosavuta za pa limba za m'nthawi ya Mfumukazi Victoria: alipo akuziimbabe?

Nachisale:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo limba ndinaphunzira nditakula kale. Manja amayesetsa, koma mapazi pa mapedo (makiyi oponda ndi mapazi) amakana. Mwezi watha, ndikusesa m'tchalitchi mwathu, ndinapeza buku lothetheka pansi pa mpando wa limba: Seventeen Voluntaries la Caleb Simper. Manotsi ake ali pa mizere ya manja awiri basi, palibe mzere wachitatu wa mapazi. Ndinasankha imodzi yodekha n'kuiimba anthu akulowa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafika kumapeto mtima usakugunda. Gogo wina anandigwira dzanja potuluka osanena kanthu. Koma mnzanga wina wodziwa nyimbo akuti zimenezi n'zachabechabe, ndilimbane ndi nyimbo za Bach, katswiri wakale wa ku Germany. Kodi ndikutaya nthawi? Nanga zina zotere ndingazipeze kuti?

Che Phiri wa Limba:
Mayi, musalitaye bukulo. Nyimbozo analembera anthu ngati inu ndi ine. M'nthawi ya Victoria, kuyambira 1837 mpaka 1901, matchalitchi ambiri a m'midzi ya ku England anasiya timagulu ta oimba zeze ndi zitoliro tomwe tinkakhala pansanja ya kumbuyo m'kati mwa tchalitchi, n'kugula hamoniyamu (kalimba kopopa mpweya ndi mapazi) kapena kalimba kakang'ono ka mapaipi. Ndiye aimbe ndani? Nthawi zambiri anali mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo, kapena mkazi wa abusa, kapena mwana wawo. Anthu otanganidwa, ofuna nyimbo yoti aiphunzire Lachisanu madzulo, Lamlungu n'kuiimba bwinobwino. Simper, yemwe ankakhala ku Barnstaple m'dera la Devon ndipo anamwalira mu 1942, anawamvetsa anthu amenewa. Akatswiri ankamunyoza, koma mabuku ake ankagulidwa ngati ndiwo.

Funaninso The Village Organist, mabuku omwe kampani ya Novello ya ku London inayamba kutulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Mmodzi mwa akonzi ake anali John Stainer, amene anakhalapo woimba limba ku St Paul's Cathedral, tchalitchi chachikulu cha ku London. Ngati munthu wotchuka chotero anaona kuti woimba wa kumudzi ayenera kupatsidwa nyimbo zake, ife manyazi tiwatenga kuti?

Mlongoti:
Ndivomerezane ndi achimwene Phiri, koma pang'ono. Ine Simper ndinamuimba zaka zitatu ndipo anandikwana. Mukaimba zisanu, yachisanu ndi chimodzi mumadziwiratu kumene ikupita. Mpingo sudandaula, koma zala zanu sizikula. Mukazolowera, yesani tinyimbo todekha ta Henry Smart, uja anapeka chuni cha nyimbo ya m'tchalitchi chotchedwa Regent Square. Anachita khungu atakula, komabe anapitiriza kupeka. Zake zimafuna mapazi, inde, koma sankhani zomwe phazi limagwira notsi imodzi kwa nthawi yaitali. Ine ndinayambira pamenepo. Zambiri zili kwaulere pa IMSLP, webusaiti yosungira manotsi a nyimbo, poti eni ake anamwalira kalekale.

Nambewe:
Anzanga, langizo langa ndi la kaimbidwe. Cholakwa chachikulu pa nyimbozi ndi kuzikoka. Mukaona Andante, ndiye kuti yendani, osati kukwawa. Mukazengereza zimamveka ngati za pamaliro, ndiye anthu n'kumati nyimboyo ndi yoipa. Tsegulani masitopu (mabatani osankhira mawu a limba) ochepa, limodzi kapena awiri olembedwa 8', ndipo mawu apakati muwalumikize bwino, chifukwa kukoma kwake kwabisala mu alito ndi tena. Komanso lembani ndi pensulo malo awiri kapena atatu omwe mungathere nyimbo msanga, abusa akaimirira inu musanamalize.

Nachisale:
Zikomo nonse. Za pensulozi sindinaziganizepo, ndipo Lamlungu lapitali ndinadukiza nyimbo pakati ndithu. Bambo Mlongoti, ndamva. Ndisindikiza imodzi ya Smart ndiziyeserera Loweruka m'tchalitchi mulibe anthu. Lamlungu lino ndiimbabe Simper, ya patsamba lomwe wina analembapo kale manambala a zala ndi inki yofiirira.