Tuna ya ku Hout Bay, kapena tingokhalira zitini?

Nabanda: Abale, Loweruka ndinali kudoko la Hout Bay ku Cape Town, ndinaona tuna yongovuulidwa kumene, mnofu wake wofiira ngati wa ng'ombe. Mnyamata wanga wayamba kunyamula zitsulo, ndiye akungolira mapuloteni. Koma ndalama ya kilo imodzi ingandigulire zitini zingapo za Lucky Star, za tinsomba ta pilchards. Ndigule kodi?

aPhiri: Gulani mayi, olo kamodzi. Ine ndimaigwira tsiku ndi tsiku kukhitchini kuntchito. Imeneyo ndi yellowfin, amakaipha kutali kuseri kwa Cape Point. Pa magalamu 100 pali mapuloteni pafupifupi magalamu 24, ndipo ndi mnofu wokhawokha, palibe chotaya. Kungoti musaiphike ngati chambo. Chiwaya chitenthe, uku pang'ono, uku pang'ono, phulani. Mukaisiya pamoto imauma gwa.

Nachisale: Achimwene, pa kukoma sindikutsutsani. Koma funso ndi la mapuloteni ndi thumba. Pilchards za m'tomato zili ndi magalamu pafupifupi 17 pa 100, poti msuzi nawo uli pasikelo. Chitini cha magalamu 400 ndiye kuti chapitirira magalamu 60. Ndiye timinga take tija, tofewa toti umangotikanya ndi supuni, ndi kashiamu ameneyo. Ambiri amatichotsa, ine zimandipweteka mtima. Kwathu ku Nkhotakota usipa timadya ndi mutu womwe, minga yam'chitini tiyiopere chiyani? Mafuta a omega-3 nawo ngochuluka mu pilchards kuposa mu yellowfin.

aPhiri: Nanga mchere wam'chitinimo? Anthu a BP muwauza chiyani?

Nachisale: Apo mwanena zoona. Pophika ine sindithiranso mchere, ndimangokazinga anyezi ndi kabichi n'kukhuthuliramo. Koma tuna nayo ili ndi yake. Imakula podya nsomba zinzake, ndiye poizoni wa mercury amaunjikana m'thupi mwake. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono asamaidye pafupipafupi.

aMwale: Ine nkhawa yanga ndi firiji. Tuna ikangotenthedwa panjira imatulutsa poizoni wotchedwa histamine, ndipo ngakhale muiphike bwanji sachoka. Ndinadyapo yotere: nkhope kufiira, thupi kuyabwa, mutu waching'alang'ala usiku wonse. Kuchoka ku Hout Bay kukafika kwanu ndi matakisi angati, mayi?

Nabanda: Awiri, nthawi zina atatu. Ndipo firiji timagawana mabanja awiri.

aPhiri: Tengani kachikwama ka ayezi, mugule kachidutswa kokwanira tsiku lomwelo. Mwanayo alaweko nsomba ya nyanja imene akukhala nayo pafupi.

Nachisale: Alawe, inde. Koma ya mkati mwa sabata ikhale yam'chitini, nyemba ndi mazira.

Nabanda: Ndamva, zikomo nonse. Zitini ndigula mawa. Tuna idikire malipiro a mwezi uno, theka la kilo basi. aPhiri, tsiku limenelo foni ikhale pafupi, ndidzakuimbirani chiwaya chili pamoto.