Makina oyezera alkalinity ndagula, koma madontho sindinasiye

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ndigule makina oyezera alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) m'thanki yanga ya ma coral (zamoyo za m'nyanja zooneka ngati miyala) kuno ku Johannesburg, kapena ndizingoyeza pamanja, kuwerenga madontho a mankhwala mpaka madzi atasintha mtundu. Ndinagula akaunjika ku Randburg.

Amayeza kanayi patsiku. Ndaona zomwe zinkandiphonya: masana nyali za thanki zikayaka dKH (muyezo wa alkalinity) imatsika pang'ono, ma coral akuidya, usiku pampu ya dosing (yothira mankhwala m'thanki) n'kuibweza. Ine ndinkayeza usiku wokhawokha, pansi pa babu yachikasu ya kukhitchini, pozindikira kuti mtundu wasintha dontho lapitirira kale.

Makina akuti 8.1, madontho akuti 8.5. Sindikulimbana nazo, bola isamalumphelumphe. Loweruka lililonse ndimayezabe pamanja, pawindo, chifukwa kachubu kakalowa mpweya makinawa amanama mopanda manyazi. Koma reagent (mankhwala oyezera) ya makinawa, iii, yandiboola m'thumba.