Thandizo la boma kwa mabanja okokoloredwa ndi madzi: tiyambire pati?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Achemwali anga ndi mayi wamasiye, ndipo madzi osefukira adawagwetsera nyumba n'kukokolola mbewu zonse kumunda. Ali ndi ana atatu, wamkulu ali Fomu 3 kusukulu yogonera komweko. Makope, yunifolomu ndi mabuku zonse zidapita ndi madzi.

Ndikudziwa kuti thandizo la mwadzidzidzi, monga lomwe lidaperekedwa pa namondwe Freddy mu 2023, limadzera ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi kukhonsolo ya boma. Koma thandizo limenelo ndi la masiku oyamba chabe. Chondivutitsa mtima ndi sukulu ya mwanayu, chifukwa akangokhala pakhomo teremu imodzi, kubwereranso kumavuta, makamaka kwa mtsikana.

Kodi banja lomwe silidalembedwe pa Mtukula Pakhomo lingalowe pakatikati chifukwa cha ngozi yotereyi, kapena lidikire kalembera wina? Nanga basale ya ku sekondale amafunsira ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kapena kudzera kwa aphunzitsi aakulu? Kalata ya amfumu ndi yokwanira ngati ziphaso zidaonongeka?

Amene mudadutsamo m'zimenezi, chonde tiuzeni mudayambira pakhomo liti.